Mpando wa ku Phokeng: Amalowa Ufumu Ndani Kudera la Pulatinamu, Nanga Ufumu Umatha Bwanji?

Msewu wochoka ku Rustenburg kulowera ku Sun City umadutsa pa Phokeng. Mbali ina kumaoneka mapiri a Magaliesberg, mbali ina zitunda zotuwa za dothi lotayidwa ku migodi ndi nsanja zazitali za kampani ya Impala. Pazikwangwani zambiri pali chithunzi cha ng'ona, chizindikiro cha a Bafokeng, mtundu wa Atswana umene nyuzipepala zimakonda kuutchula kuti ndi wolemera koposa mu Africa. Pansi pa midzi yawo pali pulatinamu, ndipo ndi chifukwa chake funso loti ndani akhale pampando wa ufumu kuno silithera pabwalo la m'mudzi. Limafika kumakhothi, ku maofesi a boma, mpaka ku msika wa masheya ku Johannesburg.

Kodi a Bafokeng ndi ndani, ndipo ufumu wawo uli ndi chiyani chimene maufumu ena alibe?

Ndi anthu olankhula Chitswana, pafupifupi 150,000, okhala m'midzi 29 m'chigawo cha North West. Chowasiyanitsa ndi mitundu yambiri ya ku South Africa n'chakuti malo awo anachita kugula ndi ndalama.

Nkhaniyi imayambira pa Kgosi August Mokgatle, amene analamulira kuyambira 1834 mpaka 1891. M'nthawi yake Mabunu anafika m'derali, nakhazikitsa tauni ya Rustenburg mu 1851, n'kugawana nthaka ya makolo a a Bafokeng kukhala mafamu. Mmodzi mwa anansi atsopanowo anali Paul Kruger, yemwe famu yake ya Boekenhoutfontein ili pafupi pomwepo. Mokgatle anaona kuti mkondo sungabweze malowo, koma pepala likhoza. Vuto linali lakuti munthu wakuda sankaloledwa kulembetsa malo m'dzina lake. Mfumuyo inagwirizana ndi amishoni a Lutheran a ku Hermannsburg, makamaka mbusa Christoph Penzhorn, kuti mafamu azigulidwa ndi chuma cha a Bafokeng koma azilembedwa m'dzina la amishoni. Migodi ya dayamondi itatseguka ku Kimberley, anyamata ankapita kukagwira ntchito n'kubwera ndi ndalama zoponya m'thumba logulira malo. Ena ankapereka ng'ombe.

Panthawiyo palibe amene ankadziwa zimene zinali pansi. Mtsetse wa mwala wa pulatinamu umene umatchedwa ndi dzina la Hans Merensky unadziwika mu 1924, Mokgatle atagona m'manda zaka zoposa 30. Impala inayamba kutulutsa pulatinamu pamalo a a Bafokeng mu 1969. Kuyambira pamenepo, wokhala pampando wa ku Phokeng anasiya kukhala woweruza milandu ya ng'ombe ndi malire a minda chabe. Anakhala munthu amene siginecha yake makampani amaifuna.

Nanga mpandowu wayenda bwanji kuchokera kwa Mokgatle?

Wayenda m'banja limodzi. Mokgatle atamwalira analowa mwana wake Tumagole, amene sanakhalitse. Pambuyo pake panabwera August Molotlegi, yemwe analamulira mpaka 1938, ndipo dzina lake ndilo linasanduka dzina la banja lachifumu. James Manotshe Molotlegi anatsatira mpaka 1956, kenako Edward Lebone Molotlegi, wotchedwa Lebone I, mpaka 1995. Mwana wake Mollwane, Lebone II, anakhala pampando zaka zisanu zokha, namwalira mu 2000 akadali wachinyamata. Apa ufumu unapita chambali, kwa mng'ono wake Leruo Tshekedi Molotlegi, katswiri wojambula mapulani a nyumba amene anaphunzira ku University of Natal. Anamulonga mu Ogasiti 2003, ndipo a Bafokeng amamuwerenga kuti ndi mfumu yawo ya nambala 36.

Dzina lake lapakatilo lili ndi mbiri yake. Mayi ake, Semane Molotlegi, amene anamwalira mu 2020, anali mwana wa Tshekedi Khama wa ku Botswana, uja anagwirizira ufumu wa a Bamangwato pamene Seretse Khama anali mwana, kenako n'kulimbana naye pankhani yokwatira mzungu. Banja limeneli likudziwa bwino lomwe mmene mpando umagwedezekera.

Amasankha ndani wolowa ufumu? Kodi zimafanana ndi kwa Achewa?

Zimasiyana pachimake penipeni. Kwa Achewa ufumu umatsata bere la mayi. Mfumu ikamwalira, mbumba imakhala pansi, amayi akuluakulu amayang'ana pakati pa ana a alongo ake a malemuyo, n'kuloza amene ali ndi khalidwe loyenera kulowa dzina. Mwana wobereka yekha wa mfumu amaonerera. Kwa Atswana ndi mosemphana, ndipo zimayandikira kwa Angoni a kwa Gomani kapena kwa M'mbelwa: ufumu umachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna wamkulu wa m'nyumba yaikulu. Nyumba yaikulu si ya mkazi amene anayamba kukwatiwa nthawi zonse ayi, koma ya mkazi amene mwambo unamuika kukhala mayi wa mtundu. Patsiku lomulonga, akuluakulu a banja amamuveka mfumuyo chikopa cha kambuku.

Wolowayo akakhala wamng'ono, bambo ake aang'ono amagwirizira mpaka atakula. Angoni a ku Ntcheu anazionanso zoterezi: Gomani IV atamwalira mu 2009, azakhali a wolowayo, Rosemary Malinki, anagwirizira mpaka Gomani V atalongedwa mu 2012. Kugwirizira ndiko kumene mikangano yambiri imabadwira, pakuti wogwirizira naye amabereka ana, ndipo anawo amakula akuona bambo awo akupatsidwa ulemu wa mfumu.

Masiku ano pali gawo lachiwiri, la boma. Malamulo aakulu a South Africa a mu 1996 amavomereza mafumu, ndipo lamulo la mu 2003 linafotokoza ndondomeko yake. Banja lachifumu limaloza munthu motsata mwambo, kenako nduna yaikulu ya chigawo imalengeza dzinalo mu gazeti ya boma n'kupereka setifiketi. Popanda setifiketiyo munthu salandira malipiro a ufumu, ndipo kampani ya mgodi singamuwerengere. Lamulo lomwelo linati makhonsolo a mafumu azikhala ndi anthu ochita kusankhidwa okwana 40 pa 100 alionse, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu likhale la amayi. Ku Malawi nakonso lamulo la mafumu la mu 1967 limapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu yovomereza mfumu ndi yoichotsa, choncho owerenga a ku Dedza kapena ku Mchinji sazidabwa zimenezi.

Kodi boma linayesapo kukhazika munthu wake pampando wa ku Phokeng?

Linayesa, ndipo chimenecho ndicho chilonda chachikulu m'mbiri ya a Bafokeng a masiku ano.

Mu 1977 boma la tsankho linapanga dziko la Bophuthatswana, n'kunena kuti Atswana onse ndi nzika za kumeneko, pansi pa Lucas Mangope. Mafamu aja anagulidwa m'nthawi ya Mokgatle anali atachoka kale m'manja mwa amishoni, n'kumasungidwa ndi akuluakulu a boma m'malo mwa mtunduwo. Tsopano wosunga wake anakhala Mangope. Munthu amene a Bafokeng sanamusankhe ndiye anali ndi mphamvu yolankhula ndi Impala za chuma cha pansi pa nthaka yawo. Lebone I sanabise kuipidwa kwake. Mu 1983 ananena poyera kuti anthu ake akufuna kutuluka mu Bophuthatswana, ndipo m'zaka zotsatira anatengera Impala kukhothi.

Mu Febuluwale 1988 asilikali ena anayesa kugwetsa Mangope mogwirizana ndi wandale Rocky Malebane-Metsing. Asilikali a South Africa anafika n'kumubwezera Mangope pampando tsiku lomwelo. Mkwiyo wake unagwera ku Phokeng. Lebone anatsekeredwa, kenako anathawira ku Botswana. Mkazi wake Semane anavutitsidwa, gulu la amayi limene ankatsogolera linaletsedwa, ndipo nayenso anakakamizika kuchoka. Mangope anaika mng'ono wa mfumuyo, George Mokgwaro Molotlegi, kuti agwirizire. Pamwambo, mng'ono kugwirizira si chachilendo. Chachilendo chinali chakuti mwini mpando anali moyo, sanatule pansi, ndipo amene analoza wogwirizirayo sanali banja. Mu 1990, mfumu yeniyeni ili kunja, panasainidwa pangano latsopano ndi Impala.

Bophuthatswana itagwa mu 1994, Lebone anabwerera kwawo, koma anakhala chaka chimodzi ndi miyezi yowerengeka, namwalira mu 1995. Mwana wake Lebone II anapitiriza mlanduwo, ponena kuti pangano la mu 1990 linasainidwa ndi anthu opanda mphamvu yolankhulira mtundu. Mu 1999 Impala inagonja pokambirana: a Bafokeng anayamba kulandira 22 peresenti ya phindu lokhometsedwa msonkho la migodi ya pamalo awo, anapatsidwa masheya 1 miliyoni a kampaniyo, ndi mpando m'bungwe loiyendetsa. Patadutsa zaka zingapo anasinthanitsa malipirowo ndi masheya, nakhala eni ake a pafupifupi 13 peresenti ya Impala yonse. Ndalama za pulatinamu ndizo zinamanga misewu, zipatala zazing'ono, sukulu ya Lebone II College, ndi bwalo lamasewera limene England ndi United States anafananapo mphamvu 1-1 pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira mu Juni 2010.

Aliyense wofuna kumvetsa chifukwa chimene a Bafokeng amasamalira nkhani ya cholowa ayang'ane zaka zisanu ndi chimodzi zimenezo. Dzina la ufumu silinafe, banja silinasinthe, koma dzanja losaina linali la wina, ndipo kukonza zimene dzanjalo linalemba kunatenga zaka pafupifupi khumi.

Kodi maufumu ena a m'derali nawonso zinawayendera chimodzimodzi?

Ayi ndithu, ndipo n'zomvetsa chisoni.

Kum'mawa kwa Rustenburg kuli a Bapo ba Mogale, amene pamalo awo pali migodi imene inali ya kampani ya Lonmin. Marikana, kumene apolisi anapha anthu ogwira ntchito m'migodi 34 pa 16 Ogasiti 2012, ili m'dera lomwelo. Kwa zaka zambiri banja lachifumu la a Bapo linali logawikana, mfumu Bob Edward Mogale inali yodwaladwala, ndipo boma la chigawo linkatumiza oyang'anira osinthanasinthana kuti aziyendetsa zinthu. Ndalama zimene mgodi unkalipira zinkalowa mu akaunti yosungidwa ndi boma la chigawo. Mu 2017 ofesi yoteteza anthu ku nkhanza za boma, motsogozedwa ndi Busisiwe Mkhwebane, inapeza kuti ndalama zoposa R600 miliyoni zinadutsa mu akauntiyo n'kutsala zochepa zedi, ndipo gawo lina linapita pa nyumba yachifumu imene mtengo wake unakwera kangapo kuposa mmene anakonzera. Pamene mpando unalibe mwini wolimba, panalibe woyankha mafunso a anthu.

Kumpoto, m'mphepete mwa Pilanesberg, kuli a Bakgatla ba Kgafela, ndipo vuto lawo linabadwa ndi chikoti. Mu 1870 Paul Kruger anakwapula mfumu yawo Kgamanyane pagulu chifukwa chokana kupereka anthu a thangata. Kgamanyane ananyamuka ndi gawo la anthu ake n'kukakhala ku Mochudi, m'dziko limene lero ndi Botswana. Otsala ku Moruleng anapitiriza kumvera nyumba ya ku Mochudi, ndipo Linchwe I anatumiza m'bale wake Ramono kuti aziwayang'anira. Funso limene lavuta mpaka lero ndi ili: kodi wokhala ku Moruleng ndi mfumu payokha, yosiyira ana ake mpando, kapena ndi nthumwi imene mfumu yaikulu ya ku Mochudi ingaichotse? Nyalala Pilane anakhala pampandowo kuyambira 1996 ndi chilolezo cha Linchwe II. Mwana wa Linchwe II, Kgafela II, atasamukira ku South Africa mu 2012, anafuna kuchotsa Pilane, ndipo nkhani inakhala ya makhothi ndi ya bungwe lofufuza limene lipoti lake linatuluka mu 2019. Kukanakhala kuti pansi pa Moruleng palibe pulatinamu, mwina akuluakulu a banja akanaithetsa pansi pa mtengo. Pali pulatinamu, ndiye mbali iliyonse ili ndi maloya.

Kodi mwana wamkazi angalowe ufumu?

Lamulo likuti angathe. Mu 2008 khothi lalikulu loona za malamulo a dziko linaweruza mlandu wa a Valoyi a ku Limpopo. Hosi Fofoza Nwamitwa anamwalira mu 1968 wopanda mwana wamwamuna, ufumu n'kupita kwa mng'ono wake Richard. Ufulu utabwera, banja lachifumu linagwirizana kuti mpando ubwerere kwa mwana wamkazi wa Fofoza, Tinyiko Shilubana. Richard atamwalira mu 2001, mwana wake anakana. Khothi linati mtundu uli ndi ufulu wosintha mwambo wake kuti ugwirizane ndi malamulo a dziko, ndipo Shilubana analowa ufumu. Chigamulocho sichikakamiza banja lililonse kusankha mkazi, koma chinatseka pakamwa onena kuti n'zosatheka. Kwa Amalawi, amene anaona Theresa Kachindamoto akuitanidwa kuchoka pantchito ya ulembi ku Zomba kukalowa ufumu ku Dedza mu 2003, nkhaniyi si yodabwitsa.

Nanga udindo wa cholowa ukhoza kutheratu chifukwa chosowa wolowa?

Kumene zimenezi zimachitika kawirikawiri ndi ku Britain, ndipo zitsanzo zomveka bwino ndi za akuluakulu a asilikali apamadzi. Kumeneko mfumu ya dziko inkapatsa msilikali wopambana nkhondo dzina laulemu, monga la Baron, Viscount kapena Earl, ndipo kalata yoperekera dzinalo inkanena amene adzalilowe. Nthawi zambiri inkati ana aamuna obadwa m'banja lovomerezeka, basi. Akasowa, dzina limafa.

Richard Howe, amene anagonjetsa zombo za France mu 1794, anamwalira mu 1799 ali ndi ana aakazi okhaokha, ndipo dzina lake la Earl Howe linathera pomwepo, mpaka pamene mdzukulu wake anadzapatsidwa lina latsopano lofanana nalo. Horatio Nelson, wotchuka koposa onse, anaphedwa pankhondo ya Trafalgar pa 21 Okutobala 1805. Anali ndi mwana mmodzi, Horatia, wobadwa kunja kwa ukwati, choncho lamulo silinamuwerenge. Dzina la Viscount Nelson linalowa m'manda limodzi ndi mwini wake. Boma linapatsa mkulu wake William, amene anali mbusa ndipo sanamenyepo nkhondo, dzina la Earl Nelson, nyumba, ndi ndalama zokwana mapaundi 5,000 chaka chilichonse. William nayenso anamwalira mu 1835 wopanda mwana wamwamuna wamoyo. Dzinalo linapulumuka chifukwa kalata yake inali ndi mzere wapadera wolola ana a alongo: analowa ndi Thomas Bolton, mwana wa mlongo wawo Susannah, amene anasintha dzina kukhala Nelson. Zimene kwa Achewa ndi mwambo wa tsiku ndi tsiku, Angerezi anachita kuzilemba mwapadera kuti dzina la ngwazi yawo lisafe. Ndalama zija zinapitirira kwa zaka zoposa 140, mpaka lamulo la mu 1947 litazithetsa.

Louis Mountbatten, amene anali mkulu wa asilikali apamadzi a Britain, analinso ndi ana aakazi okhaokha. Kalata yake inalola mwana wamkazi, ndipo ataphedwa ndi bomba la gulu la IRA mu 1979, mwana wake Patricia analowa dzinalo.

Kwa Atswana ufumu sufa motere, chifukwa si mphatso yopatsidwa kwa munthu mmodzi ndi ana ake. Ndi wa mtundu, ndipo bola anthu alipo, wina ayenera kukhala pabwalo. Mwambo unatseka mipata yonse: nyumba yaikulu ikasowa mwana wamwamuna, amayang'ana nyumba yachiwiri, kukasowa konse, amapita kwa abale a mfumu ndi ana awo, ndipo kale, mkazi wamkulu akakhala wosabereka, kwawo ankapereka m'bale wake kuti adzaberekere nyumbayo. Ku Britain vuto ndi kusowa kwa wolowa. Kudera la pulatinamu vuto ndi kuchuluka kwa olowa.

Ndiye kuno ku Africa ufumu umatha bwanji?

Umatha ndi cholembera cha boma. South Africa ili ndi chitsanzo chaposachedwa. Mu 2004 Thabo Mbeki anakhazikitsa bungwe lotsogozedwa ndi Thandabantu Nhlapo kuti lione maufumu amene anali enieni ndi amene anakwezedwa ndi atsamunda kapena boma la tsankho. Mu Julayi 2010 Jacob Zuma analengeza zotsatira. Maufumu aakulu asanu ndi awiri anavomerezedwa, kuphatikizapo a AmaZulu, AmaXhosa, AbaThembu, AmaMpondo, Bapedi ndi VhaVenda. Ena asanu ndi limodzi, monga a Batlokwa ba Mota ndi Bakwena ba Mopeli a ku Free State, anauzidwa kuti mafumu amene analipo apitirize mpaka imfa, koma owalowa adzakhala pa udindo wotsikirapo. Uku ndi kuuza munthu kuti dzina lako lidzaikidwa nawe m'bokosi, ana ako ali chiimire. A AmaRharhabe anakana, anapita kukhothi, ndipo ufumu wawo unabwezeretsedwa.

Mfumu ya ku Phokeng siili pamndandanda wa asanu ndi awiri aja. Pamaso pa lamulo ili pa mlingo wa mafumu akuluakulu wamba, ngakhale chuma cha mtundu wake chimaposa cha maufumu ambiri ovomerezedwawo.

Mayiko oyandikana nawo anayesa njira zoopsa kuposa pamenepa. Ku Mozambique, Frelimo itatenga dziko mu 1975, inathetsa mafumu ponena kuti anali zida za Apwitikizi, n'kuika alembi a chipani m'malo mwawo. Ku Tete ndi ku Niassa anthu anapitirizabe kupita kwa mafumu awo pa maliro, pa milandu ya malo ndi pa nsembe za mvula, ndipo mu 2000 boma linawavomerezanso. Uganda inathetsa maufumu mu 1967 n'kuwabwezera mu 1993. Ku Nyasaland, atsamunda anamuvula ufumu Philip Gomani II mu 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anamwalira chaka chotsatira, koma Angoni sanaiwale nyumba yake, ndipo mpando unadzabwerera kwa mwana wake Willard. Boma likhoza kufufuta dzina mu gazeti, koma nthawi zambiri anthu amakhala atalisunga.

Kodi mfumu ikalowa, malo ndi chuma chonse zimakhala zake?

Ayi, ndipo a Bafokeng eni akewo akhala akukumbutsana zimenezi. Pansi pa kgosi, kutanthauza mfumu, pali nyakwawa 72, nazonso za cholowa, iliyonse ndi bwalo lake. Pali khonsolo yaikulu yosonkhanitsa nyakwawazo ndi makhansala, ndipo kawiri pachaka pamakhala msonkhano wa mtundu wonse, kgotha-kgothe, kumene munthu wamba amaimirira n'kufunsa za ndalama. Chuma chimayendetsedwa ndi kampani ya Royal Bafokeng Holdings, yokhazikitsidwa mu 2006.

Komabe pali funso lakale limene silinagone. Mafamu aja anagulidwa ndi ndalama za ndani? Mabanja ena ndi midzi ina amati makolo awo anasonkha paokha n'kugula famu yakutiyakuti, ndipo inalembedwa m'dzina la mfumu chifukwa lamulo la azungu silinkalola njira ina. Mu 2008 ufumu unapempha khothi kuti mafamu 61 alembedwe m'dzina la mtundu wonse. Bungwe la zidzukulu za ogula malo, Bafokeng Land Buyers' Association, linatsutsa, ndipo mu 2018 oweruza atatu a khothi lalikulu ku Mahikeng anagamula kuti mfumu inayenera kuyamba yafunsa anthu mokwanira isanapite kukhothi ndi nkhani yaikulu chotere. Makhothi akhala akunena zofananazo kwa a Bakgatla. Mu 2013 anthu a m'mudzi wa Motlhabe anapambana ufulu wochita msonkhano wawo ngakhale mfumu isakufuna, ndipo mu 2018 anthu a ku Lesetlheng anapambana mlandu wakuti kampani ya mgodi singawachotse paminda yawo pongodalira kuti inagwirizana ndi mfumu. Mu 2023 khothi lalikulu loona za malamulo a dziko linagwetsa lamulo latsopano la mafumu la mu 2019 chifukwa nyumba ya malamulo sinamve maganizo a anthu mokwanira.

Wolemba uno akuona kuti zigamulo zimenezi sizichepetsa ufumu. Zikuubwezera pamene mwambo wa Atswana unauika, pabwalo pamaso pa anthu, osati m'chipinda chotseka ndi mabwana a kampani.

Kodi zonsezi zimamukhudza bwanji Mmalawi amene ali ku Rustenburg?

Amalawi anayamba kale kupita ku Joni. Bungwe la Wenela linanyamula azibambo masauzande ambiri kupita ku migodi, mpaka ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda n'kuimitsa ulendowo. Unayambiranso mu 1977 n'kutheratu kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Amene amapita masiku ano amapita paokha, ndipo ambiri amene amafika kudera la pulatinamu amagwira maganyu a zomangamanga, a m'minda, a m'nyumba za anthu ndi a m'mashopu, n'kumachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya mwini malo, kapena kukhoma malata m'malo ngati Freedom Park ndi Nkaneng.

Munthu wotere amakhala pamalo a ufumu koma si wa ufumuwo. M'midzi ya a Bafokeng puloti amapereka kudzera ku bwalo la nyakwawa, kwa anthu a mtunduwo. Thandizo la sukulu ndi mwayi wolankhula pa kgotha-kgothe n'za eni mudzi. Kwathu mlendo akakhalitsa, akalima, akalira nawo maliro, nyakwawa imatha kumulozera malo n'kumuwerenga ngati mwana wa m'mudzi. Kumene umembala uli ndi gawo la chuma cha mgodi, chitseko chimenecho chimakhala chothina kwambiri. Ndipo kumene mpando uli pamkangano, monga zinalili kwa a Bapo, obwera ndiwo amayamba kumva kuwawa, chifukwa madera awo amakhala zaka popanda madzi ndi misewu pamene boma, kampani ndi ufumu akulozerana chala kuti mwini udindo ndani.

Nanga pulatinamu ikadzatha, mpandowu udzatsala ndi chiyani?

A ku Phokeng anayamba kale kudzifunsa funso limeneli. Royal Bafokeng Holdings inagula masheya m'mabanki, m'makampani a inshulansi, a mafoni ndi a nyumba, kuti chuma cha mtundu chisadalire mwala umodzi. Kampani yawo ya migodi, Royal Bafokeng Platinum, inalowa pamsika wa masheya wa Johannesburg mu 2010. Mu 2021 anagulitsa gawo lalikulu la masheya awo mmenemo kwa kampani ya Northam, ndipo mu 2023, patatha kulimbirana kwa makampani awiri, Royal Bafokeng Platinum inagwera m'manja mwa Impala, yomwe ija Lebone I anakangana nayo mpaka kuthawira ku Botswana. Amene adzalowe m'malo mwa Leruo Molotlegi adzapeza migodi yambiri ili ya ena, chuma cha mtundu chili m'mapepala a masheya, nyakwawa 72 zikudikira gawo la midzi yawo, ndi zidzukulu za anyamata a ku Kimberley zikufunsabe kuti famu iliyonse mwa 61 ija inagulidwa ndi thukuta la ndani.